Bondo Lachitsulo: Ligwade Kapena Lisagwade?

Mu 1998 akatswiri a ku Oxford anakonza mafunso 12 oti azifunsa munthu amene waikidwa bondo lochita kupanga. Mafunso ake ndi apafupi: kodi bondo limakupwetekani usiku, mumatha kutsika masitepe, mumatha kukagula zinthu panokha, mumalowa ndi kutuluka m'galimoto bwinobwino? Lero mafunsowa akugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri, ndipo pali funso limodzi limene mayankho ake amatsalira pambuyo pa onse: kodi mumatha kugwada n'kudzukanso? Vikki Wylde ndi anzake a ku Bristol atasonkhanitsa zimene ofufuza osiyanasiyana anapeza, analemba mu 2019 kuti odwala 60 mpaka 80 pa 100 alionse amati kugwada kumawavuta, kapena sagwada n'komwe.

Chikhalirecho opaleshoniyi ndi imodzi mwa zimene zimayenda bwino zedi pa zachipatala. Munthu amene nyamakazi inamukhazika pakhonde amayambanso kupita kumsika. Kafukufuku wina amene anatuluka mu magazini ya The Lancet chaka chomwecho anasonyeza kuti mawondo 82 pa 100 alionse amakhala akugwirabe ntchito patapita zaka 25. Nanga bondo loti lingayende zaka zonsezo likulepheranji kufika pansi? Apa ndi pamene odziwa za mafupa amasiyana. Ena amati chitsulo sichinapangidwire zimenezo, ndipo wochigwaditsa akuchifupikitsira moyo. Ena amati bondolo lilibe mlandu, anthu anangoopsezedwa.

Tiyambe taona chimene chili m'katimo. Dokotala amacheka kutsogolo kwa bondo, n'kusenga nsonga zodyeka za fupa la ntchafu ndi fupa la msongolo. Fupa la ntchafu amaliveka chitsulo chosalala, pamwamba pa fupa la msongolo amakhazikapo kambale kachitsulo, ndipo pakati pake amaikapo pulasitiki yolimba yoti chitsulo chizitererapo. Nthawi zambiri zonsezi amazimata ndi simenti ya mafupa. Kafupa kozungulira ka kutsogolo kwa bondo, kamene madokotala amati patella, ena amakasiya momwe kalili, ena amakasenga kumbuyo n'kumatako kabatani kapulasitiki. Kapangidwe kameneka kanakhazikika cha m'ma 1974 ku Hospital for Special Surgery ku New York, kumene John Insall ndi anzake anatulutsa bondo limene linakhala kholo la ambiri a masiku ano. Odwala amene iwo ankawaona ankadyera patebulo, kugona pabedi ndi kudzithandiza pachimbudzi chokhalapo. Moyo wotere sulira zambiri: kuyenda kumafuna kuti bondo lipindike madigiri 60 kapena 70, kudzuka pampando pafupifupi 100. Mpaka lero mawondo oikidwa ambiri amathera pa 110 kapena 120. Kukhalira zidendene kumafuna 150 kapena kuposa.

Oletsa kugwada ali ndi mfundo, ndipo si za mantha okhaokha. Yoyamba ndi ya mphamvu imene imapanikiza kafupa ka kutsogolo kaja. Minofu ya ntchafu imakoka mwendo kudzera pa kafupaka, ndipo bondo likamapindika, kukokako kumakadinikiza pa fupa la ntchafu. Reilly ndi Martens anawerengera mu 1972 kuti poyenda, mphamvuyo imakhala theka la kulemera kwa munthu, pamasitepe imaposa katatu, ndipo pa kunyonyomala kwenikweni imaposa kasanu ndi kawiri. Mayi wa makilogalamu 70 ndiye kuti kafupa kake kangasenze katundu woposa makilogalamu 500. Tsono kafupaka kakhale koti kanasengedwa n'kupyapyala, kapena kali ndi batani lomata ndi simenti. Oletsawo amati si nzeru kukaguguda pansi.

Yachiwiri ndi ya pulasitiki. Bondo likawongoka, chitsulo chimakhala pa pulasitiki ndi malo aakulu, katundu n'kugawika. Likapindika kwambiri, chimatsetserekera kumbuyo, n'kutsamira pa kamalo kochepa m'mphepete. Katundu yemweyo pa malo ochepa amaperepesa pulasitiki msanga, ndipo tinyenyeswa take sitingokhala chete. Thupi limatiyesa mdani, limayamba kulimbana nato, ndipo nkhondoyo imadya fupa limene lagwira chitsulo. Palinso china. Munthu akagwada, pansi pamakankhira fupa la msongolo kumbuyo. M'bondo lobadwa nalo muli mtsempha wolimba umene umaletsa zimenezi. M'mawondo ambiri oikidwa mtsemphawo amauchotsa, ndipo ntchito yake imagwiridwa ndi kansanamira kapulasitiki kamene kamakodwa pa chitsulo. Kansanamirako kamatha, ndipo madokotala anakaonapo katathyoka.

Umboni umene oletsa amaudalira kwambiri unachokera ku Seoul. Ku Korea, mwa chikhalidwe chawo, anthu amadyera pansi, kugona pansi ndi kukhala atapinda miyendo, choncho makampani atatulutsa mawondo amene ankati amapindika kwambiri, kumeneko anawalandira ndi manja awiri. Mu 2007 Han, Kang ndi Yoon anafotokoza za mawondo 72 a mtundu wotere. Pa avereji ya miyezi 32 yokha, 27 anali atayamba kugwedera kumbali ya fupa la ntchafu, ndipo 15 anachitidwanso opaleshoni. Ambiri mwa ogwederawo anali a anthu amene ankanyonyomala, kugwada ndi kukhala chopingasa miyendo. Chimene chinkachitika n'chakuti bondo likapindika mpaka kumapeto, katundu yense amagwera kumbuyo kwa chitsulo n'kumachikanula pa simenti, ngati muja chotsegulira chimakanulira chitsekerero cha botolo. Kubwereza opaleshoni si masewera. Fupa limakhala litachepa, zitsulo zake n'zazikulu komanso zodula, ndipo bondo lachiwiri kawirikawiri silikhalitsa ngati loyamba. Dokotala amene anachitapo opaleshoni zobwereza zingapo, akamati musagwade, amakhala akukumbukira nkhope za anthu.

Amawonjezanso kuti ngakhale bondo lobadwa nalo limatha ndi kugwada. Ku Britain, kuyambira 2009, nyamakazi ya m'mawondo ya anthu amene anagwira ntchito nthawi yaitali m'migodi ya malasha ya pansi pa nthaka inavomerezedwa kuti ndi nthenda yobwera ndi ntchito. Ngati bondo la Mulungu limagonja, atero iwo, kuli bwanji la fakitale, limene silidzikonza lokha?

Mbali inayo imayamba ndi funso losavuta: kodi anthu amene amati sangagwade anayesapo? Mu 2002 Palmer ndi anzake a ku Sydney anafunsa odwala 75, amene onse pamodzi anali ndi mawondo oikidwa 100. Pa mawondo 32 okha eni ake ananena kuti amagwada popanda vuto lenileni. Pa 54 ananena kuti amapewa, chifukwa chokayika kapena chifukwa dokotala, namwino kapena mnzawo anawauza kuti asamatero. Kenaka ofufuzawo anawapempha kuti agwade pomwepo. Mawondo 64 anagwada popanda ululu kapena ndi ululu wochepa chabe. Ena 12 analephera pa zifukwa zosakhudza bondolo. Zofanana ndi zimenezi zinali zitapezeka kale mu 1999 ndi Schai ndi anzake: eni mawondo 44 pa 100 ndi amene ankati amagwada mosavuta, koma poyesa anakwana 82. Ndiye kuti pa mawondo 30 kapena kuposa pa 100 alionse, chimene chinkatchinga sichinali chitsulo. Anali mawu amene wina anawalankhula mongodutsa, mwina pa tsiku lotuluka m'chipatala, munthu n'kuwasunga zaka khumi.

Olola kugwada amatenganso ziwerengero zomwe zija za mphamvu n'kuzitembenuza. Mphamvu yowirikiza kasanu ndi kawiri ija imachokera ku minofu ya ntchafu pamene ikulimbana ndi kulemera kwa thupi, munthu ali lende pakati pa kuima ndi kukhala. Munthu amene wafika kale pansi, ntchafu zili chilili, mawondo apindika madigiri 90, minofu yake sikoka choncho. Nthawi yovuta ndi yotsika ndi yodzuka, ndipo imeneyo munthu angaipepuze pogwira mpando kapena kutsamira manja pansi. Komanso kukwera masitepe ndi kudzuka pampando waufupi kumasenzetsa bondo katundu wolemera tsiku ndi tsiku, koma palibe dokotala amene amaletsa zimenezo. Ofufuza a ku California, Wilkens ndi anzake, anayeza zimenezi mu 2007 pa mawondo a mitembo amene anawaika zitsulo. Anapeza kuti kugwadira bondo limodzi kumapanikiza kafupa ka kutsogolo koposa kugwadira onse awiri, komanso kuti bondo likapindika kufika madigiri 135, kupanikiza kochokera pansi kumachepa pa kafupako poyerekeza ndi pa 90. Chifukwa chake n'chakuti katundu amasamukira pa kachitunda ka fupa la msongolo kamene mungakakhudze mmunsi pang'ono mwa bondo. Kachitundako ndi fupa la munthu mwini, dokotala sakachotsa.

Za ku Seoul amaziyankha motere: anali mawondo a mtundu umodzi pa chipatala chimodzi, ndipo madokotala ena a ku Korea komweko amene anaika mtundu womwewo sanaone kugwedera kochuluka chotero. Amati mpaka pano palibe kafukufuku amene wasonyeza kuti kugwada wamba, kwa apo ndi apo, kumafupikitsa moyo wa bondo loikidwa. M'malo mwake pali umboni woti kugwada kumaphunzitsika. Ku Oxford mu 2008, Cathy Jenkins ndi anzake anagawa pawiri odwala 60 amene anaikidwa chitsulo mbali imodzi yokha ya bondo. Gulu lina linapatsidwa mphindi 30 zokha ndi wa mafizo, patapita milungu 6 chichitikire opaleshoni, kuwauza kuti n'zololedwa ndi kuwasonyeza kachitidwe kake. Chaka chitatha, a gulu limeneli ankanena kuti amagwada bwino kuposa anzawo aja. Ku Chicago mu 2019, Wallace ndi Berger anapatsa odwala amene kugwada kunkawavuta ndondomeko ya milungu 6, kuyambira pofewa n'kumapita polimba pang'onopang'ono, ndipo ambiri mwa amene anaimaliza anayamba kugwada.

Mfundo yawo imene ine ndimaiona yolemera kuposa zonse si ya m'mabuku a ziwerengero. Anthu oikidwa mawondo ambiri ndi achikulire, ndipo achikulire amagwa. Njira imene a mafizo amaphunzitsa munthu wogwa kuti adzuke yekha ndi yoti atembenukire chammbali, aime ndi manja ndi mawondo, akwawire pampando, aponde ndi phazi limodzi n'kudzikweza. Gogo amene anauzidwa kuti bondo lake lisadzakhudze pansi, tsiku limene adzaterereke kubafa ali yekha, adzagona pomwepo mpaka wina abwere. Oletsa kugwada sakonda kuwerengera ngozi imeneyi, chifukwa siioneka pa chithunzi cha X-ray.

Komabe olola nawo ali ndi pamene amathamanga. Pa mawondo 100 a ku Sydney aja, 24 analephera chifukwa cha ululu weniweni wa m'bondo, ndipo amenewo si amantha. Mpeni wa dokotala ukamatsika pakati pa bondo, nthawi zambiri umadula kamtsempha kamene kamachititsa khungu la kutsogolo kumva. N'chifukwa chake anthu ambiri amakhala ndi dzanzi kumbali yakunja ya chipsera. Kwa ena dzanzilo limachepa pakapita nthawi. Kwa ena nsonga ya kamtsempha kodukako imapanga kachotupa kamene, kakangokhudza pansi, kamathetheka ngati magetsi. Ena amati samva ululu kwenikweni, koma amamva ngati agwadira chinthu chosakhala chawo, ndipo thupi limakana. Zonsezi zili pakhungu ndi m'mitsempha, sizikutanthauza kuti chitsulo chikuwonongeka, koma kumuuza munthu wotere kuti ndi maganizo chabe n'kumunyoza. Dokotala amene wangowerenga kuti ambiri amatha, n'kumadzudzula wodwala wolephera, walakwa mofanana ndi mnzake woletsa uja.

Chinanso n'chakuti kugwada kumene kunayesedwa ku Sydney, ku Oxford ndi ku Chicago n'kwa mtundu wopepuka: munthu kufika pansi, ntchafu zili chilili kapena atatsamira pang'ono, kwa kanthawi, n'kudzuka. Kumene kunaonetsa mavuto ku Seoul kunali kupinda bondo mpaka ntchafu kukumana ndi katumba, kangapo patsiku, chaka ndi chaka. Mbali ziwirizi zikamakangana, nthawi zambiri iliyonse imakhala ikunena za kakhalidwe ka thupi kosiyana ndi ka inzake. Umboni wa olola sufika pa kukhalira zidendene, ndipo umboni wa oletsa sutsika kufika pa kugwada kowongoka.

Kwathu kuno mkanganowu si wa m'magazini okha. Opaleshoniyi imachitika m'Malawi muno. Chipatala cha Beit CURE ku Blantyre chinatsegulidwa mu 2002, ndipo kaundula wa dziko wa anthu oikidwa ziwalo zotere anayamba mu 2005. Ena amakachitidwa ku India kapena ku South Africa. Kulikonseko amabwerera ku moyo umene unayalidwa pansi. Mayi amagwada popereka madzi osamba m'manja, polonjera apongozi, polankhula ndi amfumu. Pamaliro amayi amachezera pamkeka m'nyumba ya siwa, ndipo wobwera ndi mpando wake amayamba wafotokoza. Kukolopa, kuzira, kusonkheza moto pa mafuwa, zonse zili pansi. M'makaundula a mayiko ambiri amayi ndi amene amachuluka pa oikidwa mawondo, ndipo kwathu amayi omwewo ndi amene mwambo umawafuna pansi koposa. Lamulo loti musagwade, limene bambo wa ku New York angalisunge osazindikira n'komwe, kwa mayi wa ku Dedza limamulowera m'nyumba, m'tchalitchi ndi pabwalo la mfumu.

Wina anganene kuti chipembedzo chinapereka kale mwayi, ndipo n'zoona. Malangizo a Misa mu mpingo wa Katolika amalola wodwala kusagwada. Chisilamu chimalola kuswali utakhala pampando ngati thupi lakanika. Ngakhale amfumu, mayi wa ndodo samukakamiza. Koma kuloledwa kusiya chinthu n'kosiyana ndi kufuna kuchisiya, ndipo ndikuona kuti madokotala amafulumira kuganiza m'malo mwa wodwala kuti mpando ndi wokwanira. Pa Msilamu nkhaniyo imakula. Swala zisanu za tsiku zili ndi rakaa (zigawo za pemphero) 17 zokakamizidwa, ndipo iliyonse ili ndi sijida ziwiri, kutanthauza kufikitsa mphumi pansi ka 34 patsiku, kuphatikizapo kukhalira mapazi pakati pake. Bambo wa ku Mangochi amene akufunsa ngati adzaswalinso monga kale sakufunsa zimene anayesa a ku Oxford. Funso lake lili pafupi ndi la a ku Seoul, ndipo yankho loona kwa ambiri n'lakuti bondo loikidwa silidzafika pa madigiri 150, kaya dokotala alole kaya aletse. Chimene chimalosera bwino mmene bondo lidzapindikire si dzina la kampani yopanga chitsulo, koma mmene linkapindikira lisanachekedwe. Mawondo otchedwa opindika kwambiri aja, atawayerekeza ndi wamba, anangoposa ndi madigiri ochepa, pena osaposa n'komwe.

Ine ndaima ndi olola pa kugwada kowongoka, ndipo ndikuona kuti woletsa ndi amene ayenera kupereka chifukwa chake pa wodwala aliyense payekha: kaya fupa ndi lofooka, kaya kafupa ka kutsogolo kanatsala kopyapyala, kaya bala linavuta kupola, kaya ndi opaleshoni yobwereza. Kuletsa aliyense chifukwa choti ndi mmene tinaphunzirira n'kulanda anthu chinthu popanda umboni. Bala likapola ndithu, ndipo dokotala wake akavomera, wodwala aphunzitsidwe asanasiyane ndi a mafizo: ayambire pa matiresi, atagwira mpando, mawondo onse awiri pamodzi, kulemera kukugwera mmunsi mwa kafupa kaja osati pamwamba pake, podzuka atsogoze mwendo wamphamvu ndipo manja athandize. Pa mfundo imodzi oletsa ndi olola ayenera kugwirizana: pansi pa miyala kapena pa zitsotso za m'munda pasagwadidwe popanda choyala. Khungu la pamenepo ndi lopyapyala, mwina ladzanzi moti munthu sangamve kuti wachekeka, ndipo tizilombo tikalowa n'kufika pa chitsulo, mankhwala okha kawirikawiri sakwanira, chitsulocho chimayenera kuchotsedwa.

Pa kupinda bondo mpaka kumapeto ndili kumbali ya oletsa, ndipo kwathu ndili nawo kwambiri kuposa mmene ndikanakhalira ku London, chifukwa kuno bondo likagwedera, ndalama ndi zipangizo zobwerezera opaleshoni sizipezeka wamba. Amene bondo lake lafika lokha pa kukhalira zidendene popanda ululu, pa mwambo kapena pa pemphero la apo ndi apo, sindingamuuze kuti walakwa. Koma kulikakamiza, kukhalira mwendo kuti upindike, kapena kudzuka kuchokera pansi penipeni wopanda chogwira, n'kumene kumaika katundu yense kumbuyo kwa chitsulo. Ndipo malo amene zimenezi zimachitika tsiku lililonse si tchalitchi kapena mzikiti ayi, ndi chimbudzi chokumba. Kunyonyomala pa dzenje, kutsika ndi kudzuka manja ali m'malere, ndiko kuja Reilly ndi Martens anakuwerengera kuti kumaposa kasanu ndi kawiri kulemera kwa munthu. Banja limene lasonkha ndalama za opaleshoni lisiyeko zogulira njerwa zingapo ndi thumba la simenti, kuti pa dzenjepo pamangidwe pokhala potalika kufika m'mawondo, ndi chogwirira kukhoma, wodwalayo asanabwere kuchokera kuchipatala.